Ndege za nkhondo zisungidwe, koma chikwangwani chinene zonse

Ku Portugal, pafupi ndi tawuni ya Sintra, kuli nyumba yaikulu yotchedwa Museu do Ar. M'menemo amasungamo ndege zakale. Oiyang'anira ndi asilikali a ndege a dzikolo. Ndegezo amazitsuka, amazipaka utoto, ndipo makolo amapita ndi ana awo kukaziona.

Mwina mukufunsa kuti, za ku Ulaya zikutikhudza bwanji ife a ku Tete ndi ku Niassa? Zikutikhudza ndithu. Mitundu ina ya ndege zimene zili kumeneko inauluka pamwamba pa midzi yathu pa nkhondo yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974.

Kuli Fiat G.91, ndege yaing'ono ya liwiro kwambiri, ya kampani ya ku Italy. Apwitikizi anagula 40 kwa dziko la West Germany. Zina zinkakhala pa bwalo la Chingodzi ku Tete, pomwe lero pamatera ndege za apaulendo. Kuli T-6, imene poyamba inali yophunzitsira oyendetsa ndege, kenaka anaimangirira mfuti ndi mabomba. Kulinso helikopita ya Alouette III ya ku France. Akuluakulu ambiri sadziwa mayina amenewa, koma phokoso lake akulikumbukira.

Ena amati chitsulo chimene chinapha anthu sichiyenera ulemu. Amati achidule, achigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Mkwiyo umenewu ndi womveka, koma ine ndikuti ndegezo zisungidwe. Ndege imene mungaione ndi maso, n'kuyandikira pomwe ankakolekapo mabomba, ndi umboni. Umboni ukasungunulidwa, munthu wofuna kukana kuti zinthu zinachitika amapeza mpata.

Nkhani yagona pa chikwangwani. M'nyumba zosungira ndege, kawirikawiri pambali pa ndege iliyonse pamakhala mawu olembedwa: dzina lake, chaka chimene inapangidwa, liwiro lake, mphamvu ya injini. Zonsezo n'zoona. Koma zikunena za makina okha. Ndege ya nkhondo imakhala ndi munthu m'kati, komanso anthu pansi pake. Chikwangwani chikaiwala anthu a pansi, mwana woiona amangoti, "Ndege yokongola bwanji!" n'kubwerera kwawo.

Taganizani za Wiriyamu, kumwera kwa mzinda wa Tete. Pa 16 Disembala 1972 ndege zinayamba kuponya mabomba. Kenaka asilikali anatsika m'mahelikopita n'kulowa m'midzi ya Wiriyamu, Chawola, Juwawu ndi ina yoyandikana. Anapha anthu wamba pafupifupi 400, amayi ndi ana omwe. Ambiri anaphedwa ndi asilikali a pansi, ndi mfuti ndi moto, koma ndege ndizo zinatsegula njira, ndipo mahelikopita ndiwo anawabweretsa. Boma la Portugal linakana. Ansembe a ku Spain amene ankagwira ntchito ku Tete analemba mayina a akufa, atamva kwa opulumuka. Wansembe wina wa ku Britain, Adrian Hastings, anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Julayi 1973. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, apepese. Anapepesa ali ku Maputo mu Seputembala 2022.

Onani chimene chinasunga choonadi pamenepa: mayina olembedwa papepala. Ngati mtsogoleri wa dziko anatha kutchula Wiriyamu pagulu, ndiye kuti chikwangwani cha Fiat G.91 kapena cha Alouette III chingathenso kutchula dzinali.

Sindikunena kuti aliyense amene anakwera ndege zimenezi anali wakupha. Helikopita yomweyo inkanyamulanso ovulala kupita nawo kuchipatala. Anyamata ambiri a ku Portugal anabwera ku nkhondo mokakamizidwa, ndipo ana a dziko lino ambiri analembedwanso usilikali wa Apwitikizi. Pa 25 Epulo 1974, asilikali otopa ndi nkhondoyi ndiwo anagwetsa boma ku Lisboa. Zimenezinso zilembedwe. Chikwangwani chabwino chili ndi malo a woyendetsa, a makaniko, ndi a mayi amene anathawira kuthengo mwana ali kumbuyo.

Chitsanzo chilipo chosungira chitsulo pamodzi ndi anthu. Ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, kumene ndege ya Pulezidenti Samora Machel inagwa pa 19 Okutobala 1986, anasunga zidutswa za ndegeyo. Anaimikanso mapaipi achitsulo 35, paipi imodzi ya munthu mmodzi amene anafa. Mphepo ikawomba, mapaipiwo amalira. Wofika pamenepo safunsa za injini.

Nanga inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, mbali yanu ndi iti? Mwina simudzafika ku Sintra. Koma nkhani imene zitsulo sizingathe kunena ili m'midzi mwanu momwemo. Munthu amene anali ndi zaka 10 mu 1972, lero wapitirira zaka 60. Amene anali akuluakulu nthawiyo akutha mmodzimmodzi.

Tengani kope lanu la kusukulu. Khalani pansi ndi agogo kapena amalume, ngati iwo ali okonzeka kulankhula. Ena zimawapwetekabe, musawaumirize. Afunseni kuti, "Agogo, ndege zitabwera munali kuti? Munabisala pati? Ndani sanabwerere?" Lembani dzina la mudzi, chaka, ndi mayina a anthuwo. Zilembo zikakhota zilibe kanthu, aphunzitsi adzakuthandizani kuwongola. Mukamaliza, awerengereni agogowo zimene mwalemba, kuti akonze pomwe simunamve bwino.