Ana a Machona pa Khomo la Sukulu

M'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke muli mabanja amene akali kuchula dzina la mbale wao amene anapita ku Walale m'nthawi ya atsamunda, osabwereranso. Msonkho ndiwo unali kucotsa amuna pamudzi. Ena anapeza nchito m'matauni ndi panjanji, koma ambiri anathera m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland, pamodzi ndi anzao a ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Kumudzi anawacha machona. Za ana ndi adzukulu ao sizikambidwa kawirikawiri.

Papulazi, sukulu inali kudalira mtima wa mwini munda. Akafuna anali kumanga. Akapanda kufuna, ana anali kukulira m'mizere ya fodya. Sukulu zambiri zotere zinali zosalembedwa ku boma, aphunzitsi ake osaphunzira nchito ya uphunzitsi, ndipo nyengo yothyola fodya ikafika, ana anali kucepa m'kalasi. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, sukulu zinaculuka kwambiri, koma mapulazi anatsalira m'mbuyo.

Copinga cacikulu cinali kapepala kakang'ono: setifiketi ya kubadwa. Tate amene analowa m'dzikolo wapansi, wopanda citupa, sanathe kulembetsa mwana wobadwira m'komboni. Mwanayo atakula, nayenso analephera kulembetsa wake. Kwa zaka zambiri, wopanda setifiketi anali kubwezedwa pa mayeso a Giredi 7, ndipo ngakhale akhale wanzeru motani, njira ya ku sekondale inali kuthera pomwepo. Mu 2000 mapulazi anayamba kulandidwa, ndipo anchito ambiri anataya nchito, nyumba ndi sukulu nthawi imodzi. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera mtolo: anthu obadwira ku Zimbabwe anauzidwa kuti akane unzika wa maiko a makolo ao, maiko amene ambiri anali asanapondemo. Malamulo akulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira kumeneko mwa kholo la ku dziko la SADC ndi nzika, koma mkulu wa kaundula safuna nkhani ya pakamwa. Afuna mapepala, ndipo agogo amene akanacitira umboni anagona kale.

Kodi tsono ulendo wokha ndiwo umapha maphunziro a mwana? Iai. A David Kaunda naonso anali mlendo. Anacokera ku Nyasaland, ataphunzira ku Livingstonia, nadzakhala ku Chinsali monga mlaliki ndi mphunzitsi. Akazi ao, mai Helen, analinso mphunzitsi. Mwana wao Kenneth, wobadwa mu 1924 ku Lubwa, anakulira m'nyumba ya mabuku. Atate ake anamwalira iye akali wamng'ono, komabe anafika ku sukulu ya Munali ku Lusaka, nakhala mphunzitsi, ndipo mu 1964 anakhala Mtsogoleri woyamba wa Zambia. A David anaoloka malire ali ndi maphunziro ndi mpingo wowalandira; mchona wa papulazi anaoloka ndi mkeka ndi mphamvu za manja ake, ndipo womlandira anali kufuna manjawo basi.

Ngakhale a Kaunda omwewo, funso la kumene anacokera makolo linawapezabe ku ukalamba. Malamulo a 1996 anawatsekera mpikisano wa utsogoleri, ndipo mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti si nzika ya Zambia, ciweruzo cimene pambuyo pake cinafafanizidwa. Iwo anali ndi maloya. Mdzukulu wa mchona alibe.

Ulendo sunathe. Anyamata ndi atsikana a Kum'mawa akali kupita ku Johannesburg, ena ndi makanda kumbuyo, ena kukabalira komweko. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu muno m'Zambia, 14 okha ndiwo anali olembedwa m'kaundula wa kubadwa.