Mpanda wa Liwonde sutchinga kashembe

Chiyambire 2015, pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde, nkhani yomwe yamveka kwambiri ku Machinga ndi Balaka ndi ya mpanda wamagetsi woletsa njovu kulowa m'minda. Koma m'nkhalangomo mulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, yomwe mpandawo sungaitchinge.

Kashembe amayamwa magazi a nyama monga njiri, mbawala ndi njati. Nyamazi zimasunga tizilombo ta kaodzera koma sizidwala, ndipo ntchentcheyo ikaluma munthu kapena ng'ombe imasiya tizilomboto m'thupi. Motero omwe ali pachiopsezo ndi alimi a m'malire a nkhalangoyi, asodzi a mumtsinje wa Shire, otola nkhuni komanso alonda a nyama.

Odwala kaodzera ambiri m'dziko muno amapezeka ku Rumphi, kufupi ndi Vwaza, ndi ku Nkhotakota. Izi zimapangitsa ena kuganiza kuti ndi vuto la kumpoto ndi pakati pokha. Apa ndi pomwe pagona ngozi. Kaodzera amayamba ngati malungo: thupi kutentha, mutu kuwawa, mfundo kuphwanya. Dera la Shire ndi la malungo kale, choncho wodwala angathe kumwa LA kangapo pomwe tizilombo tikulowera ku ubongo. Mtundu wa kaodzera wa kuno, rhodesiense, umapha m'miyezi yochepa ngati munthu sadalandire chithandizo, ndipo ulibe kachipangizo koyezera mwachangu ngati ka malungo. Pamafunika maikulosikopu ndi munthu wodziwa chomwe akufufuza m'magazi.

Kumbali ya mankhwala zinthu zasintha. Kale wodwala yemwe matenda afika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala aululu omwe ankapha odwala pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Kafukufuku yemwe bungwe la DNDi lidachita ku Rumphi ndi ku Uganda adaonetsa kuti mapiritsi a fexinidazole, omwe amamwedwa masiku 10, amachiza matendawa, ndipo mu 2024 bungwe la WHO lidawaika patsogolo pa chithandizo cha mtunduwu.

Komabe piritsi limathandiza munthu yemwe wapezeka ndi matenda. Ntchito yagona pa zipatala zazing'ono zozungulira nkhalangoyi: azaumoyo azifunsa wodwala yemwe malungo sakumutha ngati adalumidwa ndi kashembe, ndipo magazi ake azifika msanga kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka.

Ntchentcheyo ndi yotheka kuichepetsa. Yaikazi imabereka mwana mmodzi pa masiku pafupifupi 10, ndipo imakopeka ndi nsalu za buluu ndi zakuda zothiridwa mankhwala. Kutchera nsaluzi m'malire, ndi kuonetsetsa kuti sizikuchotsedwa, ndi ntchito yomwe Unduna wa Zaumoyo, dipatimenti yoona za ziweto, oyang'anira nkhalango ndi mafumu ayenera kugwirira pamodzi asanamve kuti wina wamwalira.