Musanyoze magemu onse, nyozani otchera misampha

Loweruka lapitali ndinali pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina muno mu mzinda (dzina ndilisunga, aphunzitsi ake ndi anthu abwino), ndipo mkulu wina wa tayi wofiira anaimirira n'kugamula mlandu wa ana onse a m'dziko muno pa mphindi zitatu zokha. Ati chimene chaononga ana masiku ano ndi magemu. Ati tiwalande mafoni, titseke tinyumba tonse ta PlayStation ta m'misikamu, ana abwerere ku phada ndi chipako. Holo yonse inaomba m'manja. Ine manja ndinangopinda, chifukwa m'thumba la jekete langa munali foni, ndipo m'fonimo munali munda wanga wa mbatatesi umene tsikulo ndinali ndisanathirire.

Inde, ndaulula. Imvi zili mbuu kumutuku koma ndimasewera magemu, ndipo manyazi ndilibe. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe n'chakuti mkulu uja, pamodzi ndi onse amene anamuombera m'manja, aponya mwala kuchitsamba kolakwika. Njoka iliko ndithu, yandilumira ngakhale mwana m'nyumba mwanga, koma sili pamene iwo akulozapo.

Ndiyambe ndi zimene ndikusewera. Miyezi itatu tsopano ndakakamira gemu yotchedwa Stardew Valley. Anaipanga munthu mmodzi yekha, Eric Barone wa ku America, amene anatha zaka zinayi ndi theka akujambula zithunzi, kupeka nyimbo, kulemba mawu a anthu a m'gemumo ndi kulumikiza zonsezi pa kompyuta, mpaka anaitulutsa mu February 2016. Nkhani yake ndi iyi: iwe ndiwe kalaliki wotopa mu ofesi ya chikampani chotchedwa Joja, ndipo agogo ako akusiyira munda kufupi ndi kamudzi ka Pelican Town. Ukafika upeza thengo lokhalokha, zitsa ndi miyala. Uswe mphanje, ugule mbewu, uthirire m'mawa uliwonse, uwete nkhuku, udziwane ndi anansi. Nyengo iliyonse ili ndi masiku 28, ndipo ukabzala mochedwa, nyengo ikangotembenuka mbewu yako yonse imauma uli chipenyere. Zinandichitikira chaka choyamba cha m'gemumo, ndipo ndinamva kuwawa kumene bambo anga ankamva mvula ikadula mu February chimanga chili pa ngaiyaye.

Sikuti zonse n'zokoma. Kuwedza nsomba m'gemu imeneyi n'chizunzo, chala chimachita kuuma nsomba n'kukupulumuka basi, ndipo anthu ena a m'mudzimo amangobwereza mawu omwewo ngati wailesi yakutha mabatire. Koma taonani chinthu chimodzi. Ndinaigula kamodzi. Kuyambira tsiku limenelo sinandipemphepo ngakhale tambala. Barone wakhala akuonjezamo zinthu zatsopano kwa zaka, monga anachitira mu 2024, osalipiritsa kanthu. Ndikatopa ndimagoneka kamunthu kanga, n'kuzimitsa foni, ndipo mawa munda ndimaupeza m'mene ndinausiyira. Sindidzutsidwa usiku ndi uthenga woti fulumira, mphatso yako ikutha.

Ina imene sindinaisiye chiyambire unyamata ndi Tetris, ya timiyala togwa kuchokera kumwamba ija. Anaipanga Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, ndipo inafalikira dziko lonse makamaka pamene inatuluka pa Game Boy mu 1989. Mulibe nkhani, mulibe mfuti, muli iwe ndi maso ako basi. Ukaluza palibe wom'loza chala. Mu December 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, Willis Gibson, anasewera Tetris yakale ya pa makina a Nintendo mpaka gemuyo inafika poima yokha, pa levulo 157, chinthu chimene munthu anali asanachitepo. Kodi mwana ameneyu tinene kuti waonongeka mutu? Akanakhala kuti wagonjetsa madoda onse a pa bawo pansi pa mtengo wa mango, bwenzi tikuti mwanayu ndi wanzeru ngati agogo ake.

Ndipo bawo ndi chiyani ngati si gemu? Amuna aakuluakulu, ena a ndevu zoyera, amakhala kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa akutakata nkhomo m'maenje, akazi awo akudikira ndalama ya ndiwo. Sindinamvepo mkulu wa tayi akuti titenthe mabawo onse. Timati ndi chikhalidwe. Chabwino. Tsono yerekezani kuti mwini bawo uja wasintha malamulo: kukhala pansi n'kwaulere, koma ukadyedwa nkhomo iye akukunong'oneza kuti patse K500 ndikupatse kathumba kotseka, mwina mupezeka nkhomo khumi, mwina imodzi, mwina mwala. Pamenepo salinso bawo ayi. Imeneyo ndi njuga, ndipo mwini wakeyo tingamuthamangitse pamudzi.

Zimenezi ndi zimene zinagwera mwana wa mlongo wanga amene ndimakhala naye. Ali folomu 3, ndi mwana wofatsa, wa kwaya. Mwezi wa June mayi ake anatumiza ndalama yoti alipire maphunziro apadera a masamu. Patatha masabata awiri aphunzitsi aja anandiimbira kufunsa kuti mwana uja bwanji sakubwera. Nditamukhazika pansi anayamba ndi bodza, kenako misozi, kenako anatulutsa foni. Munali kagemu ka mpira ka kampani ina yosadziwika bwino, kaulere potsitsa, koma kuti timu yako ilimbe uyenera kugula timapaketi totseka m'mene mumatuluka osewera. Ndalama yonse anakaipereka kwa mnyamata wina wa pamsika amene amagulira anzake zinthu za pa intaneti.

Ndinamufunsa kuti, “Iwe, unapezapo chiyani?”

Ati, “Amalume, ndinangotsala pang'ono. Paketi yomaliza ija inaonetsa kuwala kwa golide, kenako munatuluka goloboyi amene ndili naye kale.”

Ndinangotsala pang'ono! Amene munakhalapo ndi m'bale wotchova njuga, mawu amenewa mukuwadziwa. Ndipo si ngozi kuti mwana wa kwaya akuyankhula ngati chidakwa cha makhadi. Zinakonzedwa dala. Kalekale katswiri wa maganizo wa ku America, B. F. Skinner, ankaika nkhunda m'bokosi momwe zikajompha kabatani chakudya chimagwa. Anapeza kuti chakudya chikamagwa mosadziwika nthawi, pena kujompha katatu, pena makumi awiri, nkhunda imajompha mosalekeza, ndipo ngakhale chakudya chitasiya kugwa imachedwa kugwa ulesi. Makina a njuga a m'makasino amayendera nzeru imeneyi, ndipo kapaketi kotseka ka m'gemu n'chimodzimodzi. Onjezani machenjera ena: sakugulitsa ndi kwacha kapena dola, amayamba akusinthira ndalama yako kukhala timiyala tonyezimira kuti usamve kuwawa potulutsa, amaika wotchi yowerenga chobwerera kuti ugule usanaganize, amakupatsa paketi yoyamba yaulere monga m'mene msodzi amaperekera nyongolotsi kwa chambo. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Kakampani kamene kanadya ndalama ya masamu kaja kanangoonera kwa akuluakulu, ndipo za akuluakuluwo zili poyera. Kampani ya Electronic Arts, eni gemu ya mpira imene inkatchedwa FIFA mpaka dzina linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, inayambitsa gawo la Ultimate Team mu 2009, la mapaketi a osewera lomweli. M'chaka chake cha malonda cha 2021 kampaniyo inalengeza yokha kuti Ultimate Team, m'magemu ake a mpira ndi masewera ena, inabweretsa madola 1.62 biliyoni. Pamene inayamba kuonetsa mwayi wa mapaketiwo mu 2018, anthu anaona ndi maso awo kuti pa osewera ena apamwamba mwayi wake unalembedwa kuti sukufika ngakhale 1 pa 100. Chaka chomwecho bungwe loona za njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otseka ogula ndi ndalama ndi njuga, ndipo mu January 2019 Electronic Arts inasiya kugulitsa mapointi ake m'dzikomo. Ku Netherlands boma linayesa njira yomweyo, koma mu 2022 khoti lalikulu linagwetsa chindapusa chimene kampaniyo inapatsidwa. Mlandu sunathe, maiko akukokanabe.

Ku America, mu December 2022, Epic Games, eni Fortnite, anavomera kulipira madola 520 miliyoni pa madandaulo a bungwe la boma loteteza ogula la FTC. Mwa ndalamazi, madola 245 miliyoni anali obwezera anthu amene bungwelo linati anagulitsidwa zinthu mosafuna chifukwa cha mabatani oikidwa mosokoneza, ena mwa iwo ana ogula makolo osadziwa. Amenewatu si mawu a m'busa wokwiya kapena a mkulu wa tayi wofiira. Ndi boma la dziko limene magemu ambiri amachokera.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe. Muti mwanayo anaba, alangidwe, nkhani yatha. Analangidwa, musade nkhawa, ndipo sindikumuyeretsa. Koma tiyeni tikhale oona mtima. Mbali imodzi kuli mwana wa zaka 16 ndi foni yosweka galasi. Mbali inayo kuli anthu ophunzira, olipidwa bwino, amene ntchito yawo tsiku lonse ndi kuyesa kuti ndi mtundu uti wa kuwala, ndi kaphokoso kati, kamene kamachititsa chala kudinanso. Tikamati mpikisano umenewu ndi wachilungamo ndiye kuti tikunama. Lamulo la dziko lino silimulola mwana wosakwana zaka 18 kulowa m'nyumba ya njuga. Nanga bwanji nyumba ya njugayo ikalowa yokha m'thumba la kabudula wake wa sukulu timangoti ndi masewera?

Ena muti, ndiye mkulu uja ananena zoona, tingoletsa zonse tipume. Apa ndiye ndikukana kwa mtu wa galu. Choyamba, simungathe. Mukalanda foni, akabwereka ya mnzake, ndipo chimene mwapindula n'chakuti tsopano azisewera mobisa, kumene simungaone. Ku China mu 2021 boma linalamula kuti ana azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi pa maholide, ndipo nkhani zinamveka za ana olowa ndi ziphaso za agogo awo. Ngati boma la China likupusitsidwa ndi mwana, inu a Phiri a ku Ndirande mudzatha? Chachiwiri, kuletsa zonse ndi ulesi wa maganizo. Ndi chimodzimodzi kutseka laibulale chifukwa mwapezamo buku limodzi lolaula. Ife a tsamba lino, amene timakangana sabata ndi sabata za ndakatulo yabwino ndi yoipa, tiyenera kukhala oyamba kudziwa kuti chinthu chimaweruzidwa pachokha. Gemu ya Barone ndi ntchito ya mlembi, ili ndi anthu, ili ndi chisoni, muli ngakhale msilikali wobwera ku nkhondo amene phokoso la chimanga chokazinga limamudzidzimutsa. Kuiika m'thumba limodzi ndi kagemu kotapa ndalama za masamu ndi kunyoza luso.

Sindikukana kuti alipo ana, ndi akulu omwe, amene magemu awalanda tulo ndi sukulu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti vuto lotere liikidwe m'ndandanda wa matenda, koma linanenetsa kuti ndi la anthu ochepa mwa osewera, amene alephereratu kudziletsa mpaka moyo wawo wasokonekera kwa nthawi yaitali, kawirikawiri chaka chathunthu. Silinanene kuti aliyense wogwira foni ndi wodwala.

Chimene ndikupempha makolo anzanga n'chotopetsa kuposa kuomba m'manja mu holo. Khalani pansi pafupi ndi mwanayo, muone chimene akusewera, ngakhale mutu ukuwaweni. Mufunseni: gemu imeneyi imatha, kapena ilibe malekezero? Ukaluza imakuuza kuti yesanso, kapena imakuuza kuti lipira? Chimene ukugulacho ukuchiona usanapereke ndalama, kapena chili m'kathumba kotseka? Ukapanda kuitsegula masiku awiri imakulanga? Mafunso amenewa safuna digiri. Mayi aliyense amene anagulapo usipa pamsika amadziwa kuti sugula chidebe chovindikira. Ndipo aphungu athu, amene amakonda kudzudzula achinyamata pa misonkhano, akanachita bwino kuwerenga zimene a ku Belgium anachita, n'kufunsa ngati lamulo lathu la njuga likuona timapaketi timeneti.

Mwana wa mlongo wanga uja akubweza ngongole yake pothirira dimba langa lenileni la kuseri kwa nyumba, ndowa 12 m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, mpaka mwezi wa October. Kagemu kaja tinakachotsa limodzi, iye mwini ndiye anadina. Madzulo ndimamubwereka foni yanga theka la ola kuti andiwedzere nsomba zimene zimandikanika zija, ndipo wagwira kale zitatu zimene ine ndinazilephera miyezi iwiri. Dzulo wandifunsa kuti kodi munthu mmodzi angapangedi gemu yonse yekha, ndipo amayambira pati. Ndamuuza kuti amayambira pa masamu, ndipo nkhope inagwa.

Msonkhano wina wa makolo uliko teremu ikubwerayi. Mkulu wa tayi wofiira, ngati mukuwerenga, bwerani msanga mudzakhale pafupi nane. Ndidzakubwerekani foni muthirireko mbatatesi zanga, kenako ndidzakuonetsani kapaketi kotseka, ndipo mudzanene pamaso pa holo yonse ngati ziwirizi zili chinthu chimodzi.