Tibwezere Ndale Pabwalo la Masewero

Anzanga ophunzira ndi inu aphunzitsi athu, mukamva mau akuti ndale maganizo anu amathamangira ku zipani ndi ku Nyumba ya Malamulo. Koma kafunseni agogo anu kumudzi, adzakuuzani kuti ndale inayambira pamchenga. Agogo anga akuti pamene ankaweta ng'ombe kudambo, anyamata awiri ankagwirana m'chiuno nayamba kulimbana. Wochenjera ankapinga mnzache ndale ndi mwendo, ndipo winayo ankangozindikira msana uli pansi. Wogwa ankadzuka nasasa fumbi, madzulo onse awiri nkudyera mbale imodzi.

Ine ndakulira ku Bangwe, koma masewero otere sindinawaonepo. Chimene ndinaona ndi ndeu ya tsiku lotsekera sukulu. Chaka chatha, tikudikira basi ku Limbe, mnyamata wina wa Fomu 1 anaguluka dzino chifukwa mnzache anamlonjeza kuti adzamtsekera. Panalibe lamulo, panalibe woleretsa. Tsono ine ndikuti sukulu yathu iukitse masewero a kugwetsana, iwaikire malamulo, kuti mphamvu za anyamata zipeze khomo loyenera.

Taonani zimene anachita anthu a ku France. Zaka mazana awiri zapitazo m'makwalala a Paris munali kamenyedwe ka mateche kotchedwa savate, ndiye kuti nsapato yakutha. Kanali ka anthu okonda ndeu, ndipo olemekezeka ankakanyoza. Mu 1825 Michel Casseux anatsegula nyumba yophunzitsiramo savate, naletsa zoipa monga kukolowola maso ndi kugunda ndi mutu. M'zaka za m'ma 1830 wophunzira wache, Charles Lecour, ataona kuti Angerezi akuwaposa pa zibakera, anaphatikiza nkhonya za ku England ndi mateche a kwao. Mu 1899 Joseph Charlemont anatulutsa buku lofotokoza luso lonseli, ndipo mu 1924 savate inaonetsedwa pa masewero a Olympics ku Paris. Chinthu cha m'khwalala chinasanduka ulemu wa dziko chifukwa anachilemba ndi kuchiikira malire.

Mwa mateche anai a savate pali limodzi lotchedwa coup de pied bas. Womenya amapendekera kumbuyo, nasesa pansi ndi m'kati mwa phazi, kugunda mwendo wa mnzache m'munsi mwa bondo. Akaupeza pa nthawi imene thupi latsamira pa mwendowo, munthu amagwa ngakhale akhale chimphona. Kodi imeneyi si ndale yathu yomwe ija? Akale a savate ankagwiranso mwendo wa woponya theche namgwetsa, monga achitira olimbana, ngakhale malamulo a mpikisano a masiku ano saloleza kugwirana. Kulimbana kwenikweni kunasungika m'chigawo cha Brittany, kumene amakutcha gouren. Kumeneko amagwirana malaya olimba nakolana miyendo, ndipo wapambana ndi amene wagwetsa mnzache chagada, mapewa onse awiri pansi. Asanayambe amalumbira kuti alimbana popanda chinyengo, ndipo pa mipikisano ina mphotho ndi nkhosa yamphongo.

Muno mu Africa a ku Senegal sanataye zao. Kulimbana kwao, laamb, kumadzaza mabwalo a ku Dakar, ndipo mu 2018 anatsegula bwalo lalikulu la masewero amenewa ku Pikine. Nanga ife tichitiranji manyazi ndi zathu?

Ndidziwa kuti ena adzati tidzathyoka mikono. Koma kodi pa mpira sathyoka? Ngozi ichepa ngati tilimbana pamchenga, olemera mofanana okhaokha, aphunzitsi akuyang'anira, ndiponso ngati phunziro loyamba likhala la kagwedwe, kuti munthu adziwe kusunga mutu pakugwa. Ena adzati nzachimidzi zimenezi, sizipindula kanthu. Iwowa akumbukire Isaac Chilemba, wobadwira muno mu Blantyre, amene mu 2016 anatha ndime zonse 12 akumenyana nkhonya ndi Sergey Kovalev ku Russia. Akumbukirenso Anisha Basheel, amene anapata lamba wa Commonwealth ku London mu 2018, pakuti nkhaniyi si ya anyamata okha ai. Mphamvu ndi mtima tiri nazo; chosowa ndi mwambo ndi maphunziro.

Pempho langa ndi ili. Pa tchuthi chikubwerachi, aliyense wopita kumudzi akakhale pansi ndi akuluakulu, akafunse maina a kagwiridwe, mitundu ya ndale ndi malamulo amene ankatsata, nalembe zonse m'kope. Tisazengereze, pakuti nkhalamba imodzi ikatisiya, luso lache limapita nayo kumanda, ndipo mau a akulu akoma akagonera. Tikatsegulira tidzapereke makopewo kwa aphunzitsi a zamasewero kuti atithandize kusankha malamulo. Nchito yotuta mchenga tidzagwira tokha, sifuna ndalama za sukulu.

Kwa a Hedimasitala tingopempha ngodya imodzi ya bwalo ndi madzulo amodzi pa sabata. Pamenepo amene ali ndi mangawa ndi mnzache sadzadikiranso tsiku lotsekera. Adzakomana pamchenga, pamaso pa tonse, ndipo akatha adzapatsana moni wa padzanja.

Wophunzira wa Fomu 3