Osula mipeni ku Neno apanikizika ndi makala, zitsulo

Pamene mitengo ya katundu wochokera kunja ikukwera, mabanja ambiri m'madera ngati Magaleta m'boma la Neno ayambanso kuyang'ana kwa mmisiri wa kumudzi amene amasula mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba yake. Koma pa nthawi yomwe luso lakeli layamba kufunikanso, zinthu ziwiri zimene amadalira, makala ndi zitsulo zotha ntchito, zasanduka nkhani ya malamulo ndi apolisi.

Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo idagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chidakwera, kuphatikizapo mipeni ya m'sitolo. Mayi wogulitsa tchipisi, wopha mbuzi pamsika ndiponso mlimi wa manachesi onse amafuna mpeni tsiku ndi tsiku, ndipo wonyezimira wotchipa uja nthawi zambiri umakhala chikomekome cha nkuyu: kukongola pamaso koma kubuntha sabata isanathe.

Kusula si kwachilendo m'chigawo chino. Kalekale Amaravi ankasungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu omwe ankagulitsidwa mpaka ku Tete. David Livingstone atafika m'dera la mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusula makasu, mikondo ndi mipeni. Ng'anjozo zidazima pamene zitsulo za m'mafakitale zidayamba kubwera m'nthawi ya atsamunda, koma chipala, mvukuto ndi nyundo zidatsala.

Masiku ano mmisiri sasungunulanso miyala. Amafunafuna masipuling'i a galimoto, tupa wotha kapena sowo yakale, chifukwa chitsulo cha zinthu zimenezi chimalimba chikawotchedwa ndi kuziziritsidwa bwino. Zitsulo wamba zomangira nyumba zimaphwanyika mosavuta ndi nyundo, koma kawirikawiri mpeni wake susunga kuthwa.

Chinsinsi chagona pa moto. Akamaliza kuumba mpeni, mmisiri amauwotcha mpaka kufiira, pamene maginito amaleka kumata, ndipo apa kutentha kumakhala kutafika madigiri pafupifupi 770. Kenako amauviika m'mafuta kuti ulimbe. Akausiya pomwepo, mpeniwo umathyoka ngati galasi, choncho amaufunditsanso pang'onopang'ono mpaka utaoneka ngati udzu wouma. Akatero amaika chogwirira cha mtengo kapena nyanga ya ng'ombe, ndipo ena amalembapo dzina la mwini wake. Wogula amasankha yekha kutalika ndi kulemera kwa mpeni malinga ndi ntchito yake, chinthu chimene sitolo singachite.

Vuto loyamba ndi makala. Chipala sichiyaka ndi nkhuni wamba, chimafuna makala olimba. Neno ndi limodzi mwa maboma amene mitengo yatha kaamba ka kuwotcha makala, ndipo aliyense wodutsa pa Zalewa amadziwa za malondawa. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, lidakhwimitsa zilango kwa opanga, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo. Cholinga chake n'chabwino, pakuti dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limathera mu Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi pa Nkula ndi Tedzani. Komabe wosula zitsulo, amene amagwiritsa ntchito makala ochepa poyerekeza ndi matumba omwe amapita ku Blantyre, amapezeka kuti akudalira katundu woletsedwa kuti apange katundu wololedwa.

Vuto lachiwiri ndi zitsulo. Ogula zitsulo zakutha ndi sikelo amasesa chilichonse m'magalaja ndi m'midzi, ndipo mmisiri sangapikisane nawo. Malonda omwewa ndiwo akhala akulozedwa chala pa kuba kwa zipangizo za Escom, za mabungwe a madzi ndi za njanji. M'boma limene mwadutsa njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, mmisiri wopezeka ndi chitsulo chosadziwika komwe chachokera akhoza kugona m'chitolokosi ngakhale adachigula ndi mtima woyera. Ndi bwino kugula kwa makaniko wodziwika, pamaso pa mboni.

Palinso nkhani ya mbiri. Pa 26 June 2025, anthu onyamula zikwanje adavulaza womenyera ufulu Sylvester Namiwa pa zionetsero ku Lilongwe, ndipo mawu oti chikwanje adayamba kumveka ngati chida cha ndale. Chikhalirecho, kwa mlimi chikwanje ndi chiwiya chosadzira mitengo ndi kulambulira munda. Mlandu ndi wa wochigwiritsa ntchito molakwika, ngakhale mmisiri wanzeru amayenera kudabwa munthu wachilendo akabwera kudzaitanitsa zikwanje zambiri nthawi imodzi.

Kunja, luso lomweli ndi lolemekezeka. Ku America kuli bungwe la American Bladesmith Society lomwe lidakhazikitsidwa mu 1976, ndipo pulogalamu ya pa kanema ya Forged in Fire, imene idayamba mu 2015, yachititsa anthu ambiri kuyamba kusula mipeni kunyumba ngati chosangalatsa chabe. Mpeni wotchuka wa Okapi, umene udayambira ku Germany mu 1902, wakhala ukupangidwa ku South Africa kuyambira mu 1988. Chimene ena amachita pofuna kupititsa nthawi, ku Magaleta ndi ndiwo, fizi ndi feteleza.

Njira zothandizira amisiriwa zilipo ndipo si zodula. Bungwe la Teveta, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yozindikira luso limene munthu adaphunzira kunja kwa kalasi, ndipo osula zitsulo ayenera kufikiridwa nayo. Amisiri atakhala m'magulu angathe kudzala nsungwi ndi mitengo yawoyawo, n'kupempha chilolezo chowotchera makala movomerezeka. Gulu lingathenso kugula masipuling'i pamodzi ndi kulandira risiti. Khonsolo ya Neno, boma limene lidaima palokha kuchoka ku Mwanza mu 2003, ingathe kuwalemba m'kaundula ndi kuwapatsa malo pamisika.

Zikapanda kutero, achinyamata sadzaona chifukwa chokhalira pambali pa mvukuto kuphunzira ntchito yodzetsa mantha ndi phindu lochepa. Akuluakulu odziwa mtundu wa moto ndi maso okha akadzatha, banja la ku Magaleta lidzayenera kudikira ndalama zakunja kuti lipeze mpeni wosendera mbatata.