Njinga Ilibe Njira Yake pa M1

Tikambeko za njinga kuno kuchigwa. Dera lathu ndi lathyathyathya, lokoma kupalasa. Koma taimani pa Nchalo madzulo muone. Wakabaza wanyamula mayi wobereka mwana. Kumbuyo kwake lole yodzaza nzimbe ikuliza hutala. Athawira kuti, poti m'mbali mwa msewu mwadzaza malonda? Ku Dyeratu, ku Ngabu, ku Bangula, vuto ndi lomweli. Njinga ilibe njira yakeyake pa M1.

Ku Amsterdam ngakhale ana amapalasa mosaopa, chifukwa njinga anazipatulira njira zawo. Kuno, ndibwerezenso, njinga ilibe njira yakeyake, chonsecho ndi yomwe imatifikitsa kumsika ndi kuchipatala.

Inu adalaivala amene mukumvera, mukamadutsa pa Nchalo lero chepetsani liwiro. Wakabazayo mumupatse mpata.