Musaiweruze Kompyuta Musanaifunse

Ife a kuno ku Kachebere, amene tinakulira m'mphepete mwa seminale imene yakhala ikusula ansembe kuyambira 1939, tikumva kuti wophunzira sagamula mlandu asanamve mboni, tiyenera kuchita manyazi ndi m'mene timaweruzira makina athu. Pakuti kompyuta ya kusukulu kapena ya mu ofesi ikangoyamba kuchedwa, timafulumira kunena kuti yakalamba, n'kuiunjika pakona, n'kuyamba kupempha yatsopano, ngakhale tikudziwa kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kuti katundu wakunja amagulidwa ndi ndalama zimene dziko likuzisowa. Makolo anati safunsa anadya phula.

Komatu mboniyo ilipo, ndipo imakhala m'kati mwa purosesa momwemo. Opanga makinawa anaikamo tiziwerengero timene timasunga kuchuluka kwa malamulo amene purosesa yakwaniritsa ndi nthawi zimene yafuna kanthu koma osakapeza pafupi. Pentium ya Intel ya 1993 inali nato kale. Pa Linux, kuyambira 2009, pali chida chotchedwa perf, chosalipiritsa ngakhale tambala. Munthu akatsegula teminolo, nalemba perf list, amaona zonse zimene makina ake angathe kuwerenga. Akalemba perf stat motsatana ndi dzina la pulogalamu, amapatsidwa manambala ntchitoyo ikangotha.

Awiri mwa manambalawo ndiwo ayenera kuwayang'anitsitsa. Akaona kuti malamulo okwaniritsidwa pa cycle iliyonse (kugunda kumodzi kwa wotchi ya purosesa) sakufika ngakhale limodzi, pamene mzere wa cache-misses (wa nthawi zija zosapeza kanthu pafupi, umene umaoneka akaupempha mwapadera) watupa, adziwe kuti purosesa ili ngati mayi amene moto wayaka, madzi awira, koma ufa wa m'lichero watha, ndipo chimanga chikadali m'nkhokwe: mphamvu ali nazo, chomugwira ndi kudikira. Akaonanso kuti ntchito yatenga masekondi makumi awiri pamene purosesa yagwirapo awiri okha, ndiye kuti chochedwetsa chili kwina, kawirikawiri pa disiki yakale kapena pa memori yochepa, zinthu zimene mmisiri wa ku Mchinji boma kapena ku Chipata angathe kusintha pa mtengo wochepa kuyerekeza ndi wa kompyuta yathunthu.

Sindikunena kuti nzeru imeneyi njopepuka. Tiziwerengeroto n'tochepa, kotero kuti wofunsa zambiri nthawi imodzi amachititsa Linux kumatisinthanitsa, ndipo mayankho amasanduka ongoyerekeza. Zina sizioneka popanda chilolezo cha woyang'anira makina. Koma chimenechi ndicho chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi a kompyuta m'sekondale zathu, amene ambiri amathera chaka pa kutaipa makalata ndi matebulo, kuti apatule masabata awiri, atenge imodzi mwa kompyuta zounjikidwa zija, aikemo Linux, ndipo ophunzira awiriawiri ayese pulogalamu imodzi, alembe manambala ake m'kope, asinthe memori, kenaka ayesenso.